Matailosi a Bambo Tsitsaniko

Inu, sunthirani kuno mumve za a Tsitsaniko ndi nyumba yawo. Ngati mukumanga, tcherani khutu. Ngati simukumanga, tcheranibe, kuseka n'kwaulere.

Dzinali analipata chifukwa cha pakamwa pawo. Munthu ameneyu chibadwire sanagulepo kanthu osayamba wanena mawu amenewo. Machesi, "tsitsaniko." Sopo, "tsitsaniko." Tsiku lina kuchipatala adokotala atawayeza n'kuwauza kuti magazi awo akwera kwambiri, iwo osaganiza n'komwe anangoti, "Aaa, tsitsaniko pang'ono adokotala, ndife makasitomala anu akale."

Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Tsiku lonse ankakhala pambali pa wophunzira, phazi lili tcheru pabuleki, ndiye phazi lija linazolowera moti ngakhale ndalama ikati ituluke m'thumba ankaipondera buleki mpaka matayala kulira.

Komatu tisawaseke kwambiri, chifukwa kuumira komweko n'kumene kunamanga nyumba. Kwa zaka zambiri iwo ndi akazi awo, mayi oluka tsitsi amene zala zawo zinachita kupindika ndi ntchito, ankasonkha pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chaka chinacho khoma kufika m'chiuno, kenako malata. Nyumba inaima, ya zipinda zitatu, pabalaza potakasuka, mawindo a zitsulo zolimba zoti wakuba akaziona angopereka moni n'kudutsa. Chinatsala n'chimodzi basi, pansi. Pansi panali konkire wa mabampu, wotulutsa fumbi ngati msewu. Ndipo nthawi inali itawathera, poti mwini nyumba imene ankachita lendi anali atanena kale kuti mwezi ukatha atuluke, mwana wake akukwatira ndipo akufuna kulowamo.

Loweruka lina m'mawa mayi anakhuthulira patebulo ndalama zonse zotsala n'kuziika m'milu inayi.

"Bambo, ndimvereni bwino, ndipo musandidule. Mulu uwu ndi wa matailosi a pabalaza ndi kukhitchini, poti pabalaza ndi pofikira alendo ndipo kukhitchini n'kumene kumatayika madzi. Uwu ndi wa simenti ndi polishi wofiira wa kuzipinda. Kuchipinda munthu amapita kukatsinzina, sayang'ana pansi. Uwu ndi wa mmisiri ndi lole yonyamula katundu. Kamulu aka musakayandikire. N'ka tsoka."

"Tsoka lake liti?"

"Likafika mudzalizindikira."

A Tsitsaniko anayang'ana milu ija n'kuikonda. Anali mapulani a munthu wanzeru, ndipo akanawatsata bwenzi lero tilibe choseka. Koma masana a tsiku lomwelo, ali kunyumba yatsopano ija, kunatulukira alamu awo.

Alamu amenewa ndi achimwene awo a mayi, munthu wa muofesi, wa nsapato zosongoka zowala ngati zanyambitidwa ndi ng'ombe. Sanali munthu woipa ayi, kungoti akalowa m'nyumba ya mnzake ankayenda manja kumbuyo ngati abwera kudzayendera ndende. Anazungulira zipinda zonse, anagogoda khoma, n'kuima pakati pabalaza.

"Mwayesetsa, alamu. Nanga pansipa?"

Mayi anafulumira kuyankha. "Matailosi pabalaza ndi kukhitchini, achimwene. Kuzipinda simenti."

"Simenti?" Alamu anakweza nsidze. "Ngati m'kalasi? Aaa, chabwino, aliyense amadziwa thumba lake. Kwathu kuja ndiye matailosi mpaka kuchimbudzi. Ine m'mawa ndimapesa tsitsi ndikuyang'ana pansi."

Inu, mawu amenewo analowa m'khutu la a Tsitsaniko, anatsika pakhosi, n'kukakhala pachifuwa ngati khala lamoto. Anangomva pakamwa pawo pakutseguka pokha.

"Mayiwa akunena mapulani akale. Ife matailosi nyumba yonse, alamu. Ngakhale galu wathu azigona pa tailosi."

"Tilibe galu," anatero mayi chapansipansi.

"Tigula. Ndipo tikalowa m'nyumba muno mubwere ndi amayi, adzaone okha."

Alamu atapita, mayi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndalama zake ziti?"

"Zomwezi. Vuto lanu mayi, mumagula ndi maso. Kugula ndi pakamwa."

Tamverani, kuumira ndi matenda, matama nawo ndi matenda, koma awiriwa akakumana m'thupi limodzi ngakhale adokotala amangogwira pakamwa.

Choyamba kunali kuyeza zipinda. Mmisiri anati abwera ndi tepi, angomupatsa ya basi. A Tsitsaniko anakana. Kulipira munthu kuti adzakuuze kukula kwa nyumba yako yomwe? Anavula lamba wawo wa kuntchito, chilamba chachitali chozungulira mimba yonse n'kutsalako, n'kuyamba kuyeza chowerama, lamba ndi lamba, kuchokera kukhoma kukafika kukhoma. Buluku nalo litaona kuti lamasulidwa linanyamuka ulendo wa kumapazi. Nthawi yomweyo mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pakhomo kudzabwereka wilibala.

"Odi kuno... Ii, pepani aneba, ndibweranso mukavala."

"Ndikuyeza nyumba!" anakuwa a Tsitsaniko.

"Yezani bambo, yezani," mawu anamveka akutalikira.

Lolemba anatchena n'kupita kusitolo ya zomangira. Mtsikana wogulitsa atafunsa kukula kwa nyumba, iwo anamuuza kuti pabalaza ndi malamba akutiakuti m'litali, akutiakuti m'lifupi, n'kupitiriza choncho chipinda ndi chipinda.

"Malamba a ndani, bambo?"

"Anga."

Mtsikana uja, poti anaona makasitomala amitundumitundu, sanaseke. Anangoti avule lambayo amuyeze ndi tepi. Anavula, dzanja lina litagwira buluku zolimba, poti anali ataphunzirapo kanthu. Chimene anaiwala n'chakuti tsikulo anavala lamba wa paukwati wawo, wa nthawi imene anali ndi chiuno cha mavu, amene masiku ano ankammanga pabowo lomaliza atabweza mimba m'kati. Mtsikana anayeza, anawerengetsa, ndipo nyumba ya a Tsitsaniko inachepa ili chiimire.

Anawaonetsa matailosi apansi, okhuthala bwino, okhakhala pang'ono pamwamba. Atatchula mtengo, a Tsitsaniko anagwira khoma.

"Tsitsaniko."

Anatsitsa pang'ono.

"Tsitsanikonso."

"Bambo, pamenepa ndafika pansi. Kupitirira apa abwana andichotsa ntchito."

Ali m'kati molimbana choncho, diso lawo linagwera kuseri kwa sitolo. Kunali makatoni a fumbi ataunjikidwa, ndipo m'katoni imodzi yong'ambika munkasuzumira tailosi woyera mbee, wowala ngati mbale ya alendo.

"Nanga awo?"

"Awo ndi otchipa, koma ndi a pakhoma, bambo. A kubafa. Pansi amaterera, komanso sachedwa kusweka."

"Mwanawe, tailosi ali ndi maso? Adziwa bwanji kuti ali pakhoma kapena pansi?"

"Iyeyo sadziwa, bambo. Amadziwa ndi wopondapo."

Anagula onse, osasiyako ngakhale katoni imodzi. Mulu wa matailosi unathera pomwepo, wa simenti unalumidwako, koma iwo anatuluka akumwetulira ngati munthu wopambana mlandu.

Tsopano kunyamula. Lole? Kulipira lole pamene galimoto ya kuntchito ilipo? Masana amenewo anali ndi wophunzira, mayi wina wathupi, wogulitsa nsalu, amene anali ataphunzira miyezi yambirimbiri koma buleki ndi moto ankaziona ngati mapasa.

"Lero mayi, tiphunzira kuyendetsa galimoto yolemedwa," anatero a Tsitsaniko. "Ndi phunziro lapadera, koma sindikuwonjezerani mtengo."

"Zikomo aphunzitsi, Mulungu akudalitseni."

Anapakira makatoni kumbuyo, pampando, pansi pa mpando, ndipo awiri otsala anawaika pamiyendo pawo. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Ananyamuka bwinobwino, mayi uja atakumbatira chiwongolero, lilime lili panja. Atakhota kulowa mumsewu wa kunyumba, kutsogolo kunaoneka hampu, ija yaitali imene ngakhale njinga zimaipatsa ulemu.

"Hampu iyo, mayi. Pang'onopang'ono. Buleki."

"Iti?"

"Ya pakati."

"Pakati pa chiyani, aphunzitsi?"

A Tsitsaniko anati aponde buleki ya mbali yawo, koma mwendo unali utapanikizidwa ndi makatoni. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, phazi lija silinafike.

"Buleki mayi! Bule..."

Mayi anaponda moto ndi mtima wawo wonse. Inu, galimoto ija inauluka! Anthu a m'mbali mwa msewu amalumbira mpaka lero kuti anaona kuwala kwa dzuwa kunsi kwa matayala onse anayi. Itatera, kumbuyo kunamveka phwaa! ngati mwana wagwetsa thireyi ya makapu a alendo, kenako tiziphokoso totsalira, ngwe, ngwe, ngwe.

Galimoto inaima.

"Ndakhoza?" anafunsa mayi uja, maso ali kutsogolo.

"Mwakhoza mayi," anatero a Tsitsaniko ndi mawu a munthu wa pamaliro. "Mwakhoza zedi."

Kunyumba akazi awo anatsegula katoni yoyamba, anatsegula yachiwiri, n'kuwayang'ana.

"Bambo, mwagula matailosi kapena zigoba za mazira?"

"Ena ndi athunthu."

"Ndipo bwanji akufanana ndi a kubafa ya kuchipatala?"

"Ndi fasho yatsopano, mayi. Inu zakudutsani."

Mmisiri atabwera anatola tailosi mmodzi, anamutembenuza, anakanda m'mutu, n'kutchula mtengo wake. A Tsitsaniko anati tsitsaniko, anatsitsa. Anati tsitsanikonso, anatsitsanso. Atanena kachitatu, mmisiri ananyamula chikwama chake.

"Bwana, ndikatsitsanso ndiye kuti ndikulipirani ndine. Tsalani bwino."

Mukuganiza kuti anadandaula? Anasangalala! Mulu wonse wa mmisiri unali utapulumuka. "Kuika tailosi n'chiyani?" anauza akazi awo. "Si kumata pansi n'kukhazikapo basi? Ine ndaphunzitsa anthu kubwerera chambuyo pachitunda, ndilephere zimenezi?"

Anagula bandulo ya foni, yaing'ono kuposa onse, n'kutsegula kanema wophunzitsa kuika matailosi. Munthu wa m'kanemayo anaonetsa kasakanizidwe ka simenti, anaonetsa kamatidwe, kenako anayang'ana kutsogolo n'kukweza chala. "Koma musanayambe, chofunika kwambiri ndi ichi..." Pomwepo bandulo inatha. Panangotsala kagudumu kozungulirazungulira, munthu uja chala chili m'mwamba.

"Zotsalazo n'zodziwikiratu," anatero a Tsitsaniko.

Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. A Tsitsaniko khomo anali nalo, kungoti anayambira pomwepo.

Anapempha tchuthi kuntchito n'kulawirira. Mchenga ankathira ndi fosholo, simenti ankawaza ngati mchere. Anakhazika tailosi woyamba pakhomo penipeni, n'kumabwerera chambuyo atagwada, akuimba kanyimbo, mzere ndi mzere. Ndipo kunena zoona pankakongola. Pabalaza pankayera, pankawala, mtima wawo unkangoti alamu adzaona. Dzuwa lili paliwombo anamva msana wagunda khoma. Anacheuka kumanja, khoma. Kumanzere, windo la zitsulo zija zoopsa akuba. Kutsogolo, nyanja ya matailosi aawisi mpaka kukhomo. Iwo anali pakona, pamalo pongokwana mapazi awiri ndi ndowa.

Mayi anafika ndi fulasiki ya tiyi ndi buledi, anaima pakhomo, anayang'ana pansi, anayang'ana amuna awo.

"Bambo, mutuluka bwanji?"

"Ndani wati ndikufuna kutuluka? Ndikuyang'anira kuti aume bwino."

"Amauma liti?"

"Mawa."

Mayi anazungulira kuseri n'kuwapatsira tiyi pawindo, ngati mmene amachitira ochezera akaidi. A Tsitsaniko anamwa kapu yoyamba, yachiwiri, mpaka fulasiki yonse, poti tiyi wothira kale shuga satayidwa. Apa ndiye analakwitsa kachiwiri. Pasanapite nthawi anayamba kusinthanitsa miyendo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sananene chochita ngati chitsekocho chili tsidya lina la matailosi aawisi.

Mbiri sigona. Posakhalitsa pawindo panadzaza anthu, aliyense ndi nzeru zake.

"Tidule zitsulozi!"

"Zitsulo zanga? Mukudziwa mtengo wake?"

"Tichotse lata limodzi, tiwakokere kumwamba ndi chingwe."

"Denga langa musalikhudze!"

"Ndowa ili pomwepo bambo, ife titembenuka."

Mayi wa wilibala uja anasuzumira naye. "Koma lero mwavala, aneba. Tithokoze pamenepo."

Potsiriza akazi awo anabwereka thabwa lalitali. Analikankha kuchokera pakhomo, a Tsitsaniko analilandira n'kuliika pandowa yovundikira, ukhale mlatho. Anakwera, manja ali tambalale, anthu pawindo akuwalimbitsa mtima ngati kumpira. Phazi loyamba, bwino. Lachiwiri, bwino. Atafika pakati, ndowa inati ine ndatopa, n'kutsetsereka. Thabwa uko, a Tsitsaniko uko! Anatera pa matailosi n'kuyamba kudumphadumpha ngati aponda makala, ndipo paliponse pamene phazi latera tailosi ankamira mbali ina n'kutukula mbali ina. Anatuluka pakhomo ngati mphepo, anadutsa akazi awo opanda moni, n'kuzimirira kuseri kwa nyumba. Anthu anaomba m'manja.

Kutacha pansi panali patauma momwemo, mapiri ndi zigwa. Komanso poti levulo yoyezera kusalala kwa pansi sanagule, pabalaza ponse panapendekera kukhitchini, moti ukaika lalanje pakhomo linkanyamuka lokha kukafuna mpeni. Ndipo chifukwa cha simenti ya mchere ija, kunsi kunali mphako, tailosi aliyense ankalira mawu akeake ukamuponda. Uyu ngo, uyu nga, uyo ngwi. Munthu ukamayenda unkachita ngati ukuimba limba.

Matailosi athunthu anathera pakati pa kanjira kopita kuzipinda. Apa m'pamene lamba wa paukwati anaonekera poyera. Anathamangira kusitolo kuja.

"Anatha, bambo," anatero mtsikana uja. "Munagula onse ndinu."

Ndiye anayamba kuyenda sitolo ndi sitolo kupempha zotsalira. Uku anapeza obiriwira asanu, uko ofiirira katoni imodzi, kwina abuluu a zithunzi za nsomba, ena aakulu ngati thireyi, ena aang'ono ngati bisiketi. Kukhitchini kunagwa nsomba. M'kanjira munakhala ngati diresi la munthu wosokonekera. Tailosi wina wa chithunzi cha ketulo ndi makapu anakathera pakhomo la chimbudzi. Kuchipinda chogona anamata zidutswa zija za pahampu, ati ndi luso la kunja, koma zinali zakuthwa moti mayi ananeneratu kuti iwo azidzuka pabedi atavala kale nsapato. Mulu wa mmisiri, umene unapulumuka uja, unathera m'maulendo amenewa.

"M'nyumba muno munthu aziledzera osamwa," anatero mayi atayang'ana pansi nthawi yaitali.

Mwina mukuti zathera pamenepo. Dikirani. Matope a simenti aja anawaunjika mokhuthala, ndiye pansi panakwera. Atabwezera chitseko cha kumaso, chimene anachichotsa poyamba ntchito, chinakana kuyenda. Kukankha, chinkangokukuta tailosi n'kuima.

"Nkhani yaing'ono," anatero a Tsitsaniko. Anachizula, anachigoneka pamigolo iwiri, anabwereka sowo, n'kudulako kachidutswa ka muyezo wa chala chimodzi. Atachibwezera chinakanabe, koma pamwamba pake pankaoneka mitambo. Anali atadula kumutu.

Anachizulanso, tsopano atapsa mtima, n'kudula kumapazi mosayeza. Chinatseguka bwino kwambiri. Kungoti chinafanana ndi zitseko za zimbudzi za padepoti, zija umaona mapazi a munthu kunsi ndi chipewa chake pamwamba. Nkhuku ya aneba inalowa osawerama n'komwe.

Apa mayi sanaseke. Anakhala pandowa ija, anatsegula kachikwama kawo, n'kutulutsa kamulu kaja.

"Tsoka lija ndi ili, bambo. Mwalizindikira?"

"Ndalizindikira."

Anatambasula manja awo. "Taonani zalazi. Mukudziwa mitu imene ndaluka kuti tifike pano? Ena tsitsi lake lolimba ngati waya, ena obwera ndi ana olira, ine chiimire mpaka miyendo kutupa. Sindinkalukira achimwene anga ayi. Ndinkalukira kuti tsiku lina ndidzagone m'nyumba imene palibe adzagogode kudzanditulutsa. Ya simenti, ya dothi, ine zinalibe kanthu."

A Tsitsaniko anayang'ana pansi. Ndipo pansi pakepo sipanawathandize. Anatuluka mwakachetechete, anapita pakagolosale ka pakona, n'kugula botolo la chakumwa chozizira chimene mayi amachikonda. Anapereka ndalama osanena kuti tsitsaniko. Wogulitsa anawayang'anitsitsa.

"Bambo, mukudwala?"

Chitseko chatsopano anakagula ndi mayi. Mayiwo analola amuna awo kupita nawo kukanyamula, koma anawalamula kuti m'sitolo asatsegule pakamwa. Kalipentala anachiika bwinobwino, ndipo mwezi usanathe anasamuka.

Lamlungu lotsatira ndi limene alamu ankabwera ndi apongozi. M'mawa mayi anakolopa n'kulowa kukhitchini. A Tsitsaniko anaima pabalaza n'kuona kuti matailosi achita mbuu ndi fumbi la simenti, sakuwala monga ankafunira. Anakumbuka kuti m'galimoto ya kuntchito muli chitini cha polishi wopukutira galimoto, waulere. Anagwada n'kupaka, n'kupukuta, n'kupakanso, mpaka pansi panayamba kuthobwa m'maso. Pobwerera anayenda chogwira khoma, opanda nsapato, koma mumtima anati ndi chizolowezi chabe, mapazi aphunzira.

Galimoto inaima panja. Alamu anatsogola, atanyamula keke yaikulu m'manja awiri, nsapato zija zikuwala. Kumbuyo kwawo apongozi, mayi wachikulire wa ndodo ndi kachikwama kakuda, ankabwera pang'onopang'ono. Alamu anaima pakhomo, kukamwa kuli yasa.

"Eee! Alamu, apa ndiye mwandigonjetsa. Akuwala kuposa anga!"

Inu, mukanaona nkhope ya a Tsitsaniko! Hampu, ndowa, chitseko, zonse zinaiwalika. Anafufuma ngati buledi. "Lowani alamu, lowani. Khalani omasuka."

Alamu anaponya phazi.

Phazi lija silinaime pamene analiika. Linapitirira, linzake n'kulitsatira, ndipo munthu wa muofesi uja ananyamuka chiimire, keke ili m'mwamba, pansi pakuimba ngo, nga, ngwi, ngo. Anadutsa mpando woyamba. Anakwera kaphiri, anatsika kachigwa, liwiro n'kumawonjezeka, poti msewu wonse unkalozera kukhitchini. A Tsitsaniko ntchito inawadzukira m'magazi.

"Buleki alamu! Buleki!"

"Ili kuti?"

"Khotani kumanzere! Tebulo iyo! Musayang'ane pansi, yang'anani kumene mukupita!"

Mayi anatsegula chitseko cha kukhitchini kuti aone chikuchitika n'chiyani. Ataona achimwene awo akubwera ngati basi yopanda dalaivala, anangopatuka mwaulemu. Alamu analowa, anadutsa pa nsomba zija, n'kukakhala pansi phii! kutsogolo kwa filiji. Koma tiwayamikire, keke sanaigwetse. Anaigwira m'mwamba, yathunthu, ngati chikho cha mpira.

Ikanapulumuka keke ija. Koma a Tsitsaniko anati athamange akadzutse mlendo. Anaiwala khoma. Msewu womwewo, nyimbo yomweyo, liwiro loposa, ndipo anafika kukhitchini chamutu, nkhope yonse n'kulowa m'keke mpaka m'makutu.

Apongozi anaona zonsezi ali pakhomo. Sanakuwe. Anavula nsapato zawo n'kuziika pambali, anakhala pansi mosamala, anakonza diresi, anaika kachikwama pamiyendo, n'kudzikankha ndi ndodo. Anayenda pang'onopang'ono ngati bwato, mutu uli chilili, anakhota bwinobwino pa tebulo, n'kukaima pafupi ndi mpando waukulu.

"Ine ndakalamba," anatero. "Sindilimbana ndi dziko."

Kenako anayang'ana kukhitchini, anaona mwana wawo wamwamuna ali tambalale pansi, ndi a Tsitsaniko akutulutsa nkhope yoyera ngati mzukwa, maso okha akuphethira. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka ndodo inagwa, misozi ili chuchuchu. Mayi nawo, amene anali asanasekepo chiyambire nkhani ya chitseko, anagwira chitseko cha kukhitchini n'kuseka mpaka kukhala pansi, n'kutsetsereka pang'ono nawonso.

"Bambo," anatero apongozi atapezako mpweya, "nyumba mwamanga. Mwana wanga wapeza pake, ndipo ine ndakondwa kuchokera pansi pa mtima. Koma pansipa pakufunika laisensi."

Anadya keke yotsalayo atakhala pansi onse, poti panalibe wolimba mtima kuimirira. Potuluka anagwirana m'mapewa ngati ana a sukulu, a Tsitsaniko patsogolo akulamula magiya.

Mkati mwa sabata lole inaima pakhomo. Alamu anatsika akuyenda chopendekera, dzanja lili m'chiuno, n'kutsitsa chikapeti chachikulu chofiirira, chakale, chimene anachichotsa kwawo nthawi imene ankaika matailosi awo.

"Musandithokoze, alamu, ndipo musadzandibwezere. Ndikungoteteza amayi."

Kapeti ija inaphimba pabalaza ponse, khoma mpaka khoma, n'kutsalako ya m'kanjira. Kukhitchini ndi kuzipinda mayi anayala ya pulasitiki, yogula okha, mtengo wake osauza munthu. Mapiri ndi zigwa zilipobe, koma tsopano zimamveka ngati kuyenda pa udzu, ndipo nyimbo ija imamveka chapatali, ngati kwaya ya tchalitchi cha tsidya lina. M'nyumba yonse simuoneka tailosi ngakhale mmodzi.

Koma mukadzapita kukacheza, musadzadabwe. Tiyi asanabwere a Tsitsaniko adzakukodolani. Adzakutengerani kuseri kwa mpando waukulu, adzagwada, n'kutukula kakona ka kapeti pang'onopang'ono ngati akuvundukula mwana wakhanda. Pamenepo mudzaona tailosi mmodzi woyera mbee, wathunthu, akuwala.

"Nyumba yonse ili chonchi," adzakunong'onezani.

Ndipo mukadzalakwitsa n'kufunsa kuti nanga munaphimbiranji, adzabwezera kapeti ija, adzaisalaza ndi dzanja, n'kukuyang'anani momvera chisoni.

"Achimwene, chinthu chodula sapondetsa alendo."